Mmene mungatengere ana aang'ono kukaona malo m'nyengo yotentha

Chaka chilichonse, chilimwe chikafika ndipo ana akakhala pa tchuthi, makolo anzanga amandifunsa funso limodzimodzi: kodi anawa ndingapite nawo kuti, ndipo ndichite chiyani kuti tisakabwereko titatopetsana ndi kukwiyitsana? Ndayankha funso limeneli kambirimbiri, pamaso ndiponso pa foni, mpaka ndaona kuti ndi bwino kulemba zonse pamalo amodzi kuti wofuna aziwerenga pa nthawi yake. Ndikunena za ana amene sanapitirire zaka 6 kapena 7, komanso za ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo kumalo a m'dera lanu, kaya ndi kumalo osungira nyama, kunyumba yosungiramo zinthu zakale, kumathithi, kupaki, kukaphiri kapena m'mphepete mwa madzi.

Musanawerenge ndondomeko ili m'munsiyi, gwiritsitsani mfundo imodzi, chifukwa zonse zotsatira zikuchokera pa iyo. Amene amalamula ulendo wotere ndi mwana wamng'ono kwambiri pa gulu lanulo. Miyendo yake ndi imene imatchula mtunda umene muyende, tulo take ndi timene timaika nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ndipo thupi lake, limene limatentha msanga kuposa lanu, ndi limene limakuuzani kuti zakwanira. Kholo limene lavomereza zimenezi lisanatuluke pakhomo limakhala litathetsa kale mavuto ambiri a tsikulo.

1. Sankhani malo amodzi okha

Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufuna kuphatikiza malo atatu kapena anayi tsiku limodzi, poganiza kuti popeza tatuluka kale, tingoonera limodzi zonse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kwa mwana wa zaka 3, kukwera ndi kutsika m'galimoto, kuima pamzere pachipata ndi kuzolowera malo achilendo ndi ntchito yaikulu kale, ndipo mukaibwereza katatu, pofika pa malo achitatu amakhala alibenso mphamvu zoti n'kusangalala ndi chilichonse.

Posankha malowo, yang'anani chimene mwana angathe kuchita kumeneko ndi thupi lake, monga kuthamanga, kukwera, kugwira, kapena kuona nyama ikuyenda. Malo amene zonse zili kuseri kwa galasi ndipo alonda amaletsa kugwira ndi kulankhula mokweza amayenerera ana okulirapo. Wamng'ono angapirireko mphindi zochepa chabe, kenako tsiku lonse limasanduka la mawu akuti "usagwire" ndi "khala chete". Ngati mumafunitsitsa kukaona malo oterowo, lowani, onani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mwasankhiratu, ndipo mutuluke kupita pabwalo anawo asanayambe kuvuta.

2. Funsani za malowo tsikulo lisanafike

Safunsa anadya phula. Imbani foni, yang'anani pa intaneti, kapena funsani kholo limene linapitako posachedwa, ndipo mayankho amene mukufuna ndi a mafunso awa: kodi amatsegula ndi kutseka nthawi yanji pa tsiku limenelo, kodi pali mthunzi wokhalapo, kodi zimbudzi zili pati ndipo zimagwira ntchito, kodi pali madzi akumwa, ndipo kodi amalola kulowa ndi chakudya chochokera kunyumba. Funsaninso za njira yoyendamo mkatimo, ngati ili ndi masitepe, miyala kapena chitunda, chifukwa pamenepo m'pamene mudzadziwe ngati kangolo kokankhiramo mwana kadzakuthandizani kapena kadzakhala katundu wina woti musenze. Pomaliza, dziwani chipatala chimene chili pafupi ndi malowo. Mwina simudzachifuna, koma si chinthu choti muyambe kufunsa muli ndi mwana wodwala m'manja.

3. Ikani nthawi potsatira dzuwa ndi tulo ta mwana

Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mbali ina yosaoneka ndi maso imene akatswiri amaitchula ndi zilembo zakuti UV, ndipo imeneyi ndi imene imapsereza khungu. Imakhala yamphamvu kwambiri kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Njira yapafupi yodziwira ndi kuyang'ana chithunzithunzi chanu pansi: chikakhala chachifupi kuposa msinkhu wanu, dzuwalo ndi loopsa kwa khungu la mwana. Mitambo yopyapyala isakupusitseni, chifukwa kuwala kumeneku kochuluka kumadutsa ndithu m'mitambo yotero, ndipo ana ambiri amapsa pa tsiku limene makolo ankaliona ngati lozizirirapo.

Choncho nyamukani m'mamawa kuti mukafike pamene akungotsegula kumene. Nthawi imeneyo kunja kumakhala kusanatenthe, anthu amakhala ochepa, ndipo kumalo osungira nyama, nyama zambiri zimakhala zikuyendayenda zisanabisale pamthunzi. Maola awiri kapena atatu pamalopo ndi okwanira.

Za tulo musazipeputse. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2019 amanena kuti mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika kugona maola 11 mpaka 14 pa tsiku, ndipo wa zaka 3 kapena 4 maola 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Ngati mwana wanu amagona masana, konzani kuti nthawi imeneyo idzakupezeni muli pa njira yobwerera kapena muli kale kunyumba. Kuganiza kuti lero asagone chifukwa tili pa ulendo n'kudzitchera nokha msampha.

4. Longedzani usiku, ndipo madzi akhale oyamba

Longedzani chikwama chimodzi chapamsana kuti manja anu onse awiri akhale omasuka, popeza manjawo ndi a ana. Choyamba kulowa m'chikwamamo ndi madzi, ochuluka kuposa amene mukuganiza kuti mufuna, chifukwa mudzamwa, mudzasamba m'manja, ndipo mwina mudzatsukira bala kapena kuziziritsira mwana. Mwana aliyense akhale ndi botolo lake. Ana akatengeka ndi masewera sanena kuti ali ndi ludzu, choncho inu ndi amene muziwapatsa madzi pafupipafupi osadikira kuti apemphe. Khanda losakwana miyezi 6 limene likuyamwa bere lokha silifunika madzi ngakhale kutenthe bwanji. Chimene likufunika ndi kuyamwa kawirikawiri, ndipo mayi woyamwitsayo ndi amene ayenera kumwa madzi ambiri.

Chachiwiri ndi zoteteza ku dzuwa: chipewa chotambalala chophimba makutu ndi kumbuyo kwa khosi, zovala zopepuka zotakasuka, ndi mafuta oteteza khungu. Pa botolo la mafutawa pamalembedwa zilembo zakuti SPF ndi nambala, ndipo nambalayo imasonyeza mphamvu ya chitetezo chake. Sankhani a SPF 30 kapena kuposerapo, muwapake mphindi 15 mpaka 30 musanatuluke, ndipo muzibwereza maola awiri aliwonse komanso mwana akangotuluka m'madzi. Malo amene ambiri amaiwala ndi makutu, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa mapazi. Pali maganizo akuti khungu lakuda silipsa ndi dzuwa. Zoona zake n'zakuti limachedwa kupsa, koma limapsa ndithu. Mwana wachialubino amafunika chitetezo chapadera, cha mafuta amphamvu kwambiri, malaya a manja aatali, chipewa ndi magalasi a dzuwa, ndipo kwa iye mthunzi ndi lamulo. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa n'komwe, ndipo chitetezo chake chikhale mthunzi ndi zovala.

Chachitatu ndi chakudya. Tengani chimene anawo amachidziwa ndi kuchikonda kale, chifukwa pa ulendo si poyesera zachilendo. Chakudya chophika, makamaka cha nyama, mazira kapena mkaka, chisakhale kunja kwa chozizira kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, ola limodzi lokha. Ana osakwana zaka 5 musawapatse mtedza wathunthu, ndipo zipatso zozungulira monga mphesa muzizidula cham'litali, chifukwa zimatsamwitsa. Adye atakhala pansi, osati akuthamanga kapena galimoto ikuyenda.

Zotsalazo ndi zovala zosinthira za mwana aliyense, matewera, sopo, nsalu yoyala pansi, thumba la zinyalala ndi la zovala zonyowa, mapulasitala, mankhwala alionse amene mwana amamwa nthawi zonse, ndi mapaketi awiri a ORS. ORS ndi ufa wa mchere ndi shuga umene mumasungunula m'madzi aukhondo motsatira muyezo wolembedwa pa paketi, ndipo umabwezeretsa madzi m'thupi la mwana amene akutsegula m'mimba kapena kusanza. Nsapato zikhale zimene mwana wazivalapo kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza musanafike patali, ndipo kuyambira pamenepo mwanayo ndi wonyamula.

5. Pa njira

Ana akhale kumpando wakumbuyo, aliyense atamangidwa mu mpando woyenerera msinkhu wake. Ngati mukuyenda pa basi, mwana akhale kumbali ya zenera ndipo inu kumbali ya njira yodutsa anthu, potsika mutsike ndinu poyamba kenako mumulandire.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachinyengerere ngakhale pang'ono. Musasiye mwana m'galimoto yoimikidwa, ngakhale ali mtulo, ngakhale mukungopita kukagula matikiti pachipata. Kutentha kwa mkati mwa galimoto kungakwere ndi madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10 zokha, kutsegula mawindo pang'ono sikuthandiza kwenikweni, ndipo thupi la mwana limatentha mofulumira katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu. Ana amafa m'njira imeneyi chaka ndi chaka, ndipo ambiri a iwo ndi ana a makolo achikondi amene anangoiwala kuti mwana ali kumbuyo. Ikani chikwama chanu kapena foni kumpando wakumbuyo pafupi ndi mwana kuti musatseke galimoto musanayang'ane kumbuyoko. Chimodzimodzinso kangolo ka mwana: kuphimba ndi nsalu kuti asawombedwe ndi dzuwa kumatsekereza mpweya ndi kuwonjezera kutentha mkatimo.

6. Mukangofika, panganani za kusochera

Musanalowe pachipata, jambulani mwana aliyense ndi foni mmene wavalira tsikulo, chifukwa mtima ukakhala m'mwamba mukhoza kuiwala ngakhale mtundu wa malaya amene mwamuveka nokha. Lembani nambala yanu ya foni pa kapepala kolimba n'kuika m'thumba mwake, kapena pa mkono wake ndi cholembera. Onetsetsani kuti akudziwa dzina lanu lenileni, popeza pa gulu la anthu mawu akuti "amayi" kapena "abambo" amayankhidwa ndi aliyense. Kenako gwadani kuti muyang'anane maso ndi maso, ndipo mumuuze mawu ochepa amene angawasunge: "Mwanawe, ukapanda kundiona, uime pomwepo, usandifunefune. Uitane dzina langa mokweza. Ine ndibwera." Musonyezeni wogwira ntchito pamalopo ndi chovala chake, ndipo mumuuze kuti angathenso kupempha thandizo kwa mayi amene ali ndi ana.

Ngati akuluakulu muli awiri kapena kuposa, samalani kwambiri, chifukwa kuchuluka kwa akuluakulu n'kumene kumataya ana. Zinandichitikira ndili ndi achibale awiri pa malo ena odzaza anthu. Aliyense wa ife ankakhulupirira kuti mnzake ndiye akuyang'ana mwana wanga wa zaka 3, ndipo tinamupeza patapita mphindi zingapo ataima pafupi ndi chipata chotulukira, akuyang'ana magalimoto. Kuyambira tsiku limenelo timatchula ndi pakamwa. Wina amati, "Azakhali, wamng'onoyu ali m'manja mwanu," ndipo sachoka mpaka atamva yankho lakuti, "Ndamulandira." Zimamveka ngati mwambo wosafunika kufikira tsiku limene zakupulumutsani.

Mwana akasowadi, musafufuze mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Fuulani mofotokoza kuti anthu onse akhale maso anu: "Ndikufuna mtsikana wa zaka 4, wavala malaya ofiira!" Tumani munthu kukadziwitsa a pachipata nthawi yomweyo. Ngati pamalopo pali madzi, yambani kuyang'ana kumadziko.

7. Yendani pa liwiro la mwana

Mudzafika pa chinthu chachikulu chimene munabwerera, kaya ndi mathithi kapena nyama yaikulu, ndipo mwana adzachiyang'ana kwa kanthawi n'kutembenukira ku mzere wa nyerere zimene zikunyamula tsamba. Musakhumudwe, ndipo musamukoke. Kwa iye nyererezo ndi zodabwitsa mofanana ndi mathithiwo, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Njutani naye, mufunseni kuti akuganiza kuti zikupita kuti, ndipo mumvetsere yankho lake mpaka amalize. Mafunso amathandiza kuposa kufotokoza kwautali: "Ukumva phokoso lanji?" kapena "N'chiyani chachikulu kuposa iwe pano?" Mwana wokulirapo mungamupatse ntchito, monga kunyamula mapu kapena kuwerenga mbalame zimene mwaona.

Pumulani pamthunzi musanatope, apatseni madzi, ndipo apititseni kuchimbudzi nthawi iliyonse imene mwadutsa pafupi nacho, ngakhale anene kuti sakufuna. Akagwira nyama kapena mpanda wa nyama, asambe m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 asanadye kanthu. Zithunzi jambulani zingapo poyamba, kenako foni ilowe m'chikwama, pakuti maso amene ali pa foni sali pa mwana.

8. Ngati pali madzi

Ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu cha kumira, ndipo chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti mwana amamira mwakachetechete. Sakuwa, sakupiza manja, ndipo madzi osafika n'komwe m'mawondo ndi okwanira. Lamulo ndi lakuti mukhale pafupi moti mutatambasula dzanja mungamugwire, osati pagombe mukucheza n'kumaponyako maso. Zoyandamitsa zopopa za m'manja ndi zoseweretsa chabe, ndipo mwana wa zaka 8 si woyang'anira mng'ono wake pamadzi. Funsani ogwira ntchito pamalopo ngati madziwo ndi oloredwa kusambamo, chifukwa m'madera otentha madzi odikha a m'nyanja, m'madamu ndi m'mitsinje angakhale ndi nkhono zofalitsa likodzo. Mukamva mabingu, tulukani m'madzi nthawi yomweyo, musabisale pansi pa mtengo, lowani m'nyumba kapena m'galimoto, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

9. Dziwani zizindikiro za mwana amene kutentha kwamupitirira

Madzi akayamba kuchepa m'thupi, mkodzo umachepa n'kudera, thewera limakhala louma kwa nthawi yaitali, milomo imauma, ndipo mwana amalira popanda misozi. Kwa khanda yang'anani liwombo, malo ofewa aja a pamwamba pa mutu. Likalowa mkati, madzi achepa kwambiri. Mwana wofooka ndi kutentha amatuluka thukuta lambiri, amadandaula mutu kapena chizungulire, amachita nseru, ndipo amangofuna kugona pansi. Mupititseni pamthunzi, muvuleni zovala zosafunika, mum'nyowetse khungu ndi madzi ozizira, mum'kupize, ndipo mum'patse madzi kapena ORS pang'onopang'ono. Ngati sakusintha pakatha mphindi 30, pitani kuchipatala.

Koma mwana akayamba kusokonezeka, kulankhula zosamveka, kukomoka, kapena thupi likatentha kufika madigiri 40, musadikire chilichonse. Pamenepo thupi lalephera kudziziziritsa lokha ndipo moyo uli pachiswe. Pitirizani kumuthira madzi muli pa njira ya kuchipatala, musamumwetse kanthu ngati sakudziwa chimene chikuchitika, ndipo musataye nthawi ndi mankhwala otsitsa kutentha kwa thupi, chifukwa pa vuto limeneli sagwira ntchito.

10. Kubwerera: nyamukani ana akadali osangalala

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa malangizo ambiri amatha pa kulongedza ndi kufika, pamene ulendo umawonongekera pa kuchoka. Kuchoka n'kovuta kwa kholo kuposa kwa mwana. Mwalipira polowa, mwayenda mtunda, mwina mwapempha tchuthi kuntchito, ndipo patsala chinthu chimodzi chokha chimene simunaone. Anawo akuseka, ndiye mtima umati tikhalebe pang'ono. Nthawi imeneyo, pamene zonse zikuoneka kuti zili bwino, ndi imene muyenera kuyamba kunyamuka, chifukwa mphamvu za mwana wamng'ono sizitha pang'onopang'ono monga za munthu wamkulu. Zimatha mwadzidzidzi, ndipo njira yonse yobwerera imakhala ikadali patsogolo panu.

Yambani ndi kusankha nthawi yochoka musanatuluke kunyumba, mutu uli wozizira, ndipo muuze akuluakulu onse amene mukupita nawo. Pamalopo, werengerani kuti mtunda uliwonse umene mwayenda kuchoka pachipata mudzauyendanso pobwerera, dzuwa litakwera, mwina mutanyamula mwana mmodzi ndi chikwama. Ine ndimatembenuka pamene ndikuona kuti wamng'ono wagwiritsa ntchito pafupifupi theka la mphamvu zake, osati pamene watopa.

Zizindikiro zake n'zosavuta kuzidziwa mukaziphunzira. Mwana amayamba kupunthwa pamalo osalala, amasiya kufunsa mafunso, amatikita maso, amapempha kunyamulidwa, kapena amakwiya ndi zinthu zazing'ono monga kuti mkulu wake wagwira botolo lake. Pali chizindikiro china chimene chimapusitsa makolo ambiri: mwana wotopa kwambiri nthawi zina amathamanga ndi kuseka mopitirira muyezo, osamvanso mukamuitana. Kholo limaganiza kuti mphamvu zabwerera, pamene kwenikweni amenewo ndi mathero ake. M'zimene ndaona ine, kugwa, kuvulala ndi kusochera kumachitika kwambiri pa nthawi imeneyi, mwana ndi womuyang'anira onse atatopa. Mukaona zizindikiro ziwiri mwa zimenezi, nthawi yakwana, ngakhale wotchi ikunena zina.

Tsopano mmene mungawauzire. Mwana wa zaka 3 sadziwa kutalika kwa mphindi 10, choncho muchenjezeni ndi zinthu zimene angathe kuziwerenga: "Utsetsereke katatu, kenako tivala nsapato." Werengani naye mokweza, ndipo kachitatu kakakwana, chitani zimene mwanena. Mukawonjezera kamodzi chifukwa walira, mwamuphunzitsa kuti nambala yanu imasuntha ndi misozi, ndipo ulendo wotsatira adzalira kwambiri. Mupatseni chosankha chimene mbali zake zonse zikulowera kuchipata: ayende yekha kapena mum'nyamule, atsanzike bakha kapena atsanzike mtengo waukulu uja. Kutsanzika kumathandiza kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa kumamupatsa mwana mapeto amene wawachita yekha. Sungani chakudya chimodzi chimene amachikonda ndi madzi ozizira kuti zikhale za pa njira yobwerera, ndipo mumuuziretu kuti zikumudikira.

Pali mawu awiri amene ndikupemphani kuti musawanene. Oyamba ndi akuti "tibweranso mawa" pamene mukudziwa kuti simubwera, chifukwa ana amasunga malonjezo, ndipo tsiku lina mudzafuna kuti akukhulupirireni pa nkhani yaikulu. Achiwiri ndi akuti "ndikusiya konkuno". M'mawa munagwada n'kumuuza kuti akasochera aime pomwepo chifukwa inu mubwera. Mukamuopseza kuti mumusiya, mwafafaniza pangano limenelo, ndipo tsiku limene adzasocheredi adzathamanga mwamantha kukufunafunani m'malo moima.

Ngakhale mutachita zonse bwino, mwana akhoza kudzigwetsa pansi n'kulira. Zimenezi sizitanthauza kuti mwalakwitsa kapena kuti mwanayo ndi wosayamika. Thupi lake latopa ndipo alibe njira ina yonenera. Musakambirane naye zambiri, musayang'ane anthu amene akukuyang'anani, ndipo musam'menye. Mum'nyamule, mupite naye pamthunzi, ndipo munene mawu ochepa modekha: "Ndaona kuti umafuna kukhalabe. Tikupita kunyumba." Akatsika mtima mum'patse madzi.

Wovuta kumusamalira pa nthawi imeneyi ndi mwana wamkulu, amene mphamvu akadali nazo ndipo akuona kuti akuchotsedwa chifukwa cha mng'ono wake. Kudandaula kwake n'koona, ndipo musakukane. Mukambirane naye usiku wa dzulo lake kuti ulendowu udzatha msanga ndi chifukwa chake, mumulole kusankha chinthu chimodzi chimene gulu lonse lidzayamba nacho m'mawa, ndipo ngati n'kotheka mum'lonjeze ulendo wa inu awiri tsiku lina, n'kukwaniritsa. Ngati pali wamkulu wina, mmodzi angatsale naye kwa kanthawi pamene wina wapita ndi wamng'ono pamthunzi, koma mutchulenso ndi pakamwa kuti ndani ali ndi ndani. Musanakwere galimoto kapena basi, apititseni onse kuchimbudzi, werengani ana, ndipo gwirani zitsulo za malamba kuti muone ngati sizinatenthe ndi dzuwa musanamange mwana.

11. Mukafika kunyumba

Asambitseni, ndipo powasambitsa yang'anani khungu ngati lapsa, mapazi ngati ali ndi matuza kapena minga, komanso m'khwapa, kuseri kwa makutu ndi m'tsitsi ngati muli nkhupakupa, makamaka ngati anadutsa m'udzu wautali. Apitirize kumwa madzi mpaka mkodzo uyere, adye chakudya chopepuka, ndipo agone msanga. Tulutsani zonyowa m'chikwama, bwezeretsani mapulasitala ndi ORS zimene mwagwiritsa ntchito, ndipo lembani pa kapepala chimene chinasowa ndi chimene munachinyamula pachabe. M'masiku ndi milungu yotsatira, mwana akatentha thupi, akatsegula m'mimba, akatuluka zidzolo kapena mukaona magazi mu mkodzo wake, pitani naye kuchipatala, ndipo muwauze adokotala kumene munapita, tsiku lake, komanso ngati analowa m'madzi kapena kugwira nyama.